Mkangano wa maola 1,500 waphimba nkhani ya tulo ndi luso la oyendetsa ndege

Ku United States, mukangotchula za chitetezo cha ndege zing'onozing'ono zimene zimatola anthu m'matauni n'kukawatula m'mabwalo akuluakulu, aliyense amathamangira nambala imodzi, 1,500. Amenewa ndi maola amene munthu ayenera kukhala atauluka asanaloledwe kukhala wachiwiri kwa kaputeni m'ndege yonyamula anthu. Makampani akuti nambalayi yawakhala pakhosi, oyendetsa ndege akusowa. Bungwe la oyendetsa ndege la ALPA ndi mabanja a anthu amene anafa pangozi ya ndege ya kampani ya Colgan Air mu 2009 akuti woikhudza wasewera ndi miyoyo. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zikulimbirana gawo lofooka kwambiri la malamulo amene anabwera itachitika ngoziyo, pamene mabowo okhudza tulo ndi kaphunzitsidwe akungoyang'aniridwa.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 2009, ndege nambala 3407 yochoka ku Newark kupita ku Buffalo inagwera nyumba ku Clarence Center, m'chigawo cha New York, itatsala makilomita ochepa kuti itere. Anthu onse 49 a m'ndegemo anafa, komanso bambo mmodzi amene anali m'nyumbamo. Matikiti anali a kampani yaikulu ya Continental, koma ndege ndi oyendetsa anali a kampani yaing'ono ya Colgan Air. Inali Bombardier Q400, mtundu womwe uja Malawi Airlines imaulutsa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre.

Ndegeyo inalibe vuto lililonse. Pamapiko panali madzi oundana, koma bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti sanali ochuluka moti n'kuigwetsa. Q400 ili ndi swichi imene oyendetsa amayatsa akalowa m'mitambo yozizira kwambiri. Ikayatsidwa, chenjezo lakuti liwiro latsika limabwera msanga, ndege ikadali ndi liwiro lokwanira. Oyendetsawo anaiyatsa, koma powerengera liwiro loterera anatenga la tsiku lopanda madzi oundana, ma knots (muyeso wa liwiro la ndege) 118, m'malo mwa 138. Kaputeni atachepetsa mphamvu ya injini n'kutsitsa matayala ndi ma flaps (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene zimatsitsidwa potera), liwiro linagwa kuchoka m'ma 170 kufika pa 131 m'masekondi osakwana 30, onse awiri osaona. Pamenepo stick shaker, kachipangizo kogwedeza chiwongolero kuti woyendetsa adzidzimuke, kanayamba kunjenjemera, ndipo autopilot, makina oulutsa ndege okha, inazima yokha.

Pa nthawi imeneyo mapiko anali akunyamulabe ndege bwinobwino. Chofunika chinali kukankha chiwongolero kuti mphuno itsike, n'kuwonjezera mphamvu. Kaputeni anakoka. Mphuno inadzuka, mpweya unasiya kuyenda bwino pamwamba pa mapiko, ndege n'kulowa mu stall yeniyeni, kutanthauza kuti mapiko asiya kuinyamula mokwanira. Stick pusher, imene imakankha yokha chiwongolero kuti ipulumutse ndege, inagwira ntchito katatu, ndipo katatu konse iye analimbana nayo. Wachiwiri wake anabweza ma flaps osauzidwa, zinthu n'kuipiraipira. Anali m'mwamba mamita pafupifupi 500 okha kuchokera pansi, ndipo sipanathe theka la mphindi, ndege inali pansi.

Tsono taonani maola awo. Kaputeni anali ndi 3,379, wachiwiri 2,244. Onse anali atadutsa kale 1,500. Zimene analibe zinali zina. Kaputeniyo anali atalephera mayeso a bungwe loyang'anira za ndege la FAA kangapo asanalembedwe ntchito, koma pafomu anaulula kamodzi kokha, ndipo Colgan sinafufuze. Pa Q400 anali ndi maola 111 basi. Maphunziro a kampaniyo mu simulator, makina oyeserera kuuluka aja, sanamuonetsepo mmene stick pusher imakankhira. Choipa kwambiri, mayeso a nthawi imeneyo ankayamikira munthu amene watuluka m'chenjezo la stall osatsika kwambiri, motero manja a oyendetsa ambiri anazolowera kugwira mphuno kuti isatsike, chinthu chimene chimapha ndege ikalowadi mu stall.

Wachiwiriyo ankalandira pafupifupi madola 16,000 pachaka. Ndalama zimenezo sizikanamulipirira nyumba pafupi ndi Newark, choncho ankakhala kwa makolo ake kufupi ndi Seattle, makilomita pafupifupi 3,900 kuchokera kuntchito. Usiku woti mawa lake aulutsa 3407 anaukhalira pampando wapadera m'ndege zakatundu, kuchoka ku Seattle kudzera ku Memphis, n'kufika ku Newark m'mamawa, kenaka n'kugona pasofa m'chipinda chodikirira ogwira ntchito. Anali ndi chimfine, ndipo anauza kaputeni kuti akanena kuti wadwala ndiye kuti alipira yekha hotela mpaka atachira. Kaputeni nayenso, amene kwawo kunali ku Florida, anagona m'chipinda chomwecho ngakhale kampani inkaletsa. Mwa oyendetsa 137 a Colgan a ku Newark, 93 ankakhala kunja kwa dera la New York, n'kumachita kuyenda ulendo kuti afike kuntchito. NTSB inanena kuti kutopa kuyenera kuti kunawasokoneza, koma sinakuike pa zifukwa za ngoziyo. Wapampando wake, Deborah Hersman, anafuna kuti kuikidwe, anzake awiri anakana.

Umphawi umenewu sunangobwera. Kampani yaikulu imagulitsa matikiti, kusankha njira ndi nthawi, kenaka n'kupereka ntchito youlutsa kwa kampani yaing'ono pamgwirizano wa zaka zingapo. Amene watchula mtengo wotsika ndiye amawina. Mafuta ndi ndege mtengo wake ndi umodzi kwa onse, ndiye podula pamatsala malipiro, maphunziro ndi ndandanda ya ntchito. Ngozi za makampani otere zinali zitachenjeza kale. Mu Okutobala 2004 ndege ya Corporate Airlines inagwa ku Kirksville, Missouri, anthu 13 n'kufa, oyendetsa ali paulendo wachisanu ndi chimodzi wa tsikulo atagwira ntchito maola oposa 14. Mu Ogasiti 2006 ya Comair inanyamukira panjira yaifupi yolakwika ku Lexington, anthu 49 n'kufa.

Mabanja a anthu a pa 3407 anapondaponda ku Washington mpaka pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo pa 1 Ogasiti 2010. M'lamulo limenelo munatuluka zinthu zingapo, ndipo chachikulu mwa zonse kwa ine ndi Part 117, malamulo a maola a ntchito ndi kupuma, amene anayamba kugwira ntchito pa 4 Januwale 2014.

Kale woyendetsa ankatha kugwira ntchito maola 16, ndipo mpumulo unkatha kutsitsidwa mpaka maola 8. M'maola 8 amenewo munali kudikira basi ya hotela, kudya, kusamba, kusita yunifolomu ndi kubwerera kubwalo, moti tulo tenitenito tinkatsala maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Pano mpumulo ndi maola 10 osatsitsa, ndipo mwa amenewo 8 akhale oti munthu angathe kugona osasokonezedwa. Utali wa tsiku la ntchito umatengera nthawi imene wayamba ndi maulendo amene aulutse. Woyamba pakati pa 7 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana, wa ulendo umodzi kapena iwiri, akhoza kufika maola 14. Akakhala ndi maulendo 7 kapena kuposa, malire ndi maola 11 ndi theka. Woyamba pakati pa 12 koloko usiku ndi 4 koloko m'bandakucha malire ake ndi maola 9, chifukwa kuyambira 2 koloko mpaka 6 koloko m'mawa thupi limafuna tulo ngakhale munthu atalimba mtima bwanji. Pa maola 168 aliwonse payenera kukhala maola 30 otsatizana opuma, ndipo ntchito isapitirire maola 60. Kuuluka kwenikweni kusapitirire maola 100 pa masiku 28, kapena 1,000 pa masiku 365.

Kuwerenga maulendo kumeneku ndiko kumene kunathandiza kwambiri oyendetsa ndege zing'onozing'ono. Wouluka kuchoka ku New York kupita ku Los Angeles amanyamuka kamodzi n'kutera kamodzi. Wa Q400 amanyamuka ndi kutera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, akuuluka m'munsi mmene muli mitambo, mphepo ndi madzi oundana, ndipo pakati pa maulendowo amathamanga ndi mapepala, mafuta ndi kulemera kwa katundu. Ngozi zambiri zimachitika ponyamuka ndi potera, ndiye lamulo limene limaona kuti kutera kwachisanu ndi chimodzi sikufanana ndi koyamba ndi lamulo lanzeru.

Koma Part 117 imayamba kuwerenga pamene woyendetsa wasaina kuti wafika pantchito. Zimene wachita kuti afike sizili m'buku. Kunena mosabisa, ulendo uja wa usiku wonse wochoka ku Seattle kudzera ku Memphis lero ungachitikenso popanda lamulo lililonse kuphwanyidwa, chifukwa papepala munthuyo anali pampumulo. Chimene chinaikidwa n'chakuti asaine, ndege isananyamuke, kuti ali bwino ndipo sanatope. Siginecha imeneyi imateteza kampani m'khoti kuposa mmene imatetezera okwera. Munthu wotopa sadziyeza bwino, ndipo wachinyamata amene ali m'chaka choyamba, amene angachotsedwe ntchito mosavuta, sangakane ulendo akudziwa kuti malipiro a tsikulo apita ndipo abwana amuitana. Lamulo la 2010 linalamula kafukufuku wa nkhaniyi. Bungwe la akatswiri ofufuza la National Research Council linatulutsa lipoti mu 2011 lonena kuti umboni sunali wokwanira kupangira lamulo, nkhani n'kugona pomwepo mpaka lero.

Pano makampani ndi mabungwe a ogwira ntchito amagwirizana mwakachetechete. Oyendetsa safuna kuuzidwa kokhala, ndipo ali ndi mfundo, chifukwa kampani yaing'ono ikataya mgwirizano imatseka malo ake antchito mumzinda wina n'kutsegula kwina, ndipo banja silingasamuke chaka ndi chaka. Makampani safuna kulipira malo ogona. Koma njira ilipo yosakhudza ufulu wa munthu. Kampani izidziwa, kudzera m'makompyuta a matikiti a ogwira ntchito amene ili nawo kale, amene wafika ndi ndege usiku. Amene wayenda pakati pa 2 koloko ndi 6 koloko m'mawa asaikidwe paulendo asanapume maola 10 pabedi lenileni. Bedi limenelo alipire ndi kampani imene dzina lake lili patikiti. Ndipo wonena kuti watopa asadulidwe malipiro, lipoti lake lipite ku komiti yachitetezo osati kwa amene amalemba ndandanda.

Bowo lina ndi la ndege zakatundu, zimene zinachotsedwa mu Part 117 ponena kuti mtengo wake ukuposa phindu, pamene ndizo zimauluka usiku kwambiri. Pa 14 Ogasiti 2013 ndege ya UPS inagwa ikutera ku Birmingham, Alabama, m'bandakucha, oyendetsa onse awiri n'kufa, ndipo NTSB inatchula kutopa pa zimene zinathandizira. Ndege imeneyo imadutsa pamwamba pa nyumba zomwezo ndi kutera panjira yomweyo ndi ya anthu. Palibe chifukwa chomveka chokhalira ndi malamulo awiri a tulo.

Pa maphunziro, kusintha kwenikweni kunabwera ndi lamulo la Novembala 2013, limene makampani anapatsidwa mpaka Malichi 2019 kuti alikwaniritse. Tsopano woyendetsa aliyense amalowetsedwa mu stall yathunthu mu simulator yoyenda, amamva stick pusher ikumulanda chiwongolero, amaphunzira kubweza ndege imene yapendekeka, kuuluka geji ya liwiro ikunama, ndi kuuluka pamanja popanda autopilot. Ndondomeko yotulukira mu stall inalembedwanso: zimitsa autopilot, tsitsa mphuno mpaka chenjezo litasiya, wongola mapiko, ika mphamvu yoyenera, kenaka bwerera panjira yako. Kutsika mamita angapo si kulephera mayeso ayi. Ma simulator enieniwo anayenera kukonzedwa, chifukwa akale sankadziwa mmene ndege imachitira ikadutsa malire a stall, ndipo ankaphunzitsa zabodza. Chinthu ichi ndicho chikuyankha mwachindunji zimene zinachitika ku Clarence Center, ndipo chinatenga zaka khumi.

Kaundula wa mbiri ya oyendetsa anachedwa kuposa pamenepo. Lamulo lakale la 1996 linkafuna kuti wolemba ntchito afunse makampani amene munthu wagwirako zaka zisanu zapitazo, kutanthauza kuti ankadalira zimene wofunsirayo waulula. Nyumba ya malamulo inalamula kaundula mmodzi wa pakompyuta mu 2010, koma FAA inatulutsa lamulo lake mu 2021, ndipo linakwanira mu Sepitembala 2024. Pakati apo, pa 23 Febuluwale 2019, Boeing 767 ya Atlas Air inagwera m'madzi ku Trinity Bay pafupi ndi Houston, anthu atatu n'kufa, ndipo kunapezeka kuti wachiwiri kwa kaputeni anabisa makampani amene analephererako maphunziro. Vuto lomwe lija la Colgan, patapita zaka khumi. Aliyense amene ankafuula za 1,500 m'zaka zimenezo akanafuulira kaundulayu, mwina anthu atatu aja akanakhala moyo.

Nanga maola 1,500 aja? Kale laisensi ya maola 250 inali yokwanira. Kuyambira mu 2013 wachiwiri kwa kaputeni amafunika laisensi yapamwamba yotchedwa ATP: maola 1,500, mwa amenewo 500 a maulendo ataliatali, 100 a usiku, 75 ouluka podalira mageji okha, 50 a ndege ya injini zoposa imodzi. Msilikali amaloledwa pa 750, wa digiri ya zandege ya zaka zinayi pa 1,000, wa zaka ziwiri pa 1,250. Vuto ndi mmene maola otsalawo amapezekera. Ambiri amawadzaza pophunzitsa ena mu Cessna 172, kuzungulira bwalo lomwelo masana kuli ngwee ku Arizona kapena ku Florida, ena pokoka nsalu zamalonda m'mbali mwa nyanja. Wachiwiri wa pa 3407 analowa ku Colgan ndi maola oyandikira 1,500 amene anawapeza ku Arizona, ndipo usiku womwewo anauza kaputeni kuti asanabwere kukampaniyo anali asanaonepo madzi akuundana pandege. Dalaivala amene wayendetsa zaka zitatu patala m'chilimwe sanaphunzire matope a m'dzinja. Miyezi inayi isanathe chichitikire ngozi ya Colgan, Airbus A330 ya Air France inagwera m'nyanja ya Atlantic pa 1 Juni 2009, anthu 228 n'kufa, woyendetsa wa maola oposa 2,900 akukoka chiwongolero ndege ili mu stall. Ku Ulaya achinyamata amakhala pampando wa kumanja, wa wachiwiri kwa kaputeni, mu Airbus ndi maola 200 ndi kanthu, atadutsa maphunziro okhwima a kampani, ndipo ndege zawo sizikugwa kuposa za ku America.

Komabe sindikugwirizana ndi amene akuti lamuloli lingochotsedwa. Otsutsa amakonda kunena kuti oyendetsa onse awiri anali ndi maola oposa 1,500, koma amaiwala kuti kaputeni uja analembedwa ntchito ali ndi maola 618 okha, maziko ake asanalimbe, ndipo zofooka zake anakwera nazo mpaka pampando wa kumanzere, wa kaputeni. Maola amene munthu amauluka yekha, akusankha yekha kubwerera chifukwa cha mvula, amaphunzitsa kanthu kena kamene simulator sipereka, chifukwa mu simulator aliyense amadziwa kuti madzulo akadya kwawo. Chachiwiri, lamuloli linachita ntchito imene silinalembedwere. Litachepetsa anthu oyenerera, makampani anakakamizika kukweza malipiro, ndipo mu 2022 makampani a Envoy, Piedmont ndi PSA anafika pa madola 90 pa ola kwa wongoyamba kumene. Wolandira ndalama zimenezo akhoza kulipira hotela usiku woti mawa auluka. Ndiye kuti maola 1,500 anagulira oyendetsa tulo kudzera kukhomo lakuseri, ndipo mukawachotsa musanatseke bowo la maulendo opita kuntchito, malipiro adzatsika, masofa adzadzazanso.

Mtengo wake nawonso ulipo. Maphunziro amafika madola 100,000, kenaka chaka chimodzi kapena ziwiri za malipiro ochepa podzaza maola, choncho mwana wa m'banja losauka amagwa mphwayi asanayambe. Matauni ang'onoang'ono ataya maulendo. Ndipo makampani ena apeza njira yozemba: ndege ya mipando 30 kapena kucheperapo ikagulitsidwa ngati yahayala pansi pa malamulo otchedwa Part 135, wachiwiri safunika maola 1,500, Part 117 siigwira, ndipo kaputeni akhoza kupitirira zaka 65. Kampani ya JSX imauluka motero, ndipo SkyWest inapempha zomwezo mu 2022 pochotsa mipando m'ndege zake za CRJ200. Wokwera amagula tikiti pa intaneti, ndege ili ndi nthawi yake yonyamukira tsiku ndi tsiku, iye osadziwa kuti malamulo ake ndi ena. Mu 1995, itachitika ngozi ya American Eagle ku Roselawn imene inapha anthu 68, FAA inalamula kuti ndege za ndandanda za mipando 10 kupita m'tsogolo zitsate malamulo ofanana ndi zazikulu. Kulola njira yozembayi n'kubwerera kumene anachoka zaka makumi atatu zapitazo.

Nkhaniyi yatenthanso chifukwa amene akutsogolera FAA kuyambira mu Julayi 2025 ndi Bryan Bedford, yemwe pamene anali mkulu wa Republic Airways anapempha mu 2022 kuti ophunzira a sukulu ya kampaniyo aziloledwa pa maola 750, FAA n'kukana. Lamulo la FAA la 2024 linasiya 1,500 mmene ilili. Pempho lotere lidzabweranso, ndipo yankho lake lisakhale inde kapena ayi wamba. Pano mwa maola 1,500 aja, 100 okha ndiwo angachokere mu simulator. Nambala imeneyo ikhoza kukwera, bola ola lililonse lochotsedwa lilowedwe m'malo ndi phunziro lodziwika: kutera usiku kuli madzi oundana, injini kuzima ponyamuka, geji kunama, kaputeni kulakwitsa dala kuti aone ngati wachinyamatayo ayankhula. Woyesa akhale wa FAA kapena woima payekha, osati wolipidwa ndi kampani imene ikusowa oyendetsa mwezi womwewo. Kenaka zotsatira za olowa pa 750, 1,000, 1,250 ndi 1,500 ziyerekezedwe poyera kwa zaka zingapo, pogwiritsa ntchito kaundula uja ndi zimene makompyuta a m'ndege amajambula paulendo uliwonse: ndani amalephera maphunziro oyamba, ndani amafuna maola owonjezera ndi mphunzitsi, ndani amafika potera liwiro lisanakhazikike. Magulu anayi amenewa akhala akuuluka limodzi kuyambira mu 2013, ndipo FAA ndi makampani ali ndi mafayilo awo onse.